A Kaya ndi Mapulagini a Pakampani ya Mafiriji

Pakampani yokonza mafiriji ija panalibe amene ankawaitana ndi dzina lawo lenileni. Onse ankangoti a Kaya, kuyambira mlonda wa pageti mpaka bwana mwini, amenenso anali mlamu wawo, mwamuna wa mlongo wawo wamkulu. Dzinali linabwera chifukwa cha kayankhidwe kawo. Ukawafunsa ngati kugwe mvula, ankayang'ana kumwamba nthawi yaitali n'kunena kuti, "Kaya." Ukawafunsa ngati kompuresa ya pashelefu ingalowe m'firiji yakutiyakuti, ankainyamula, n'kuitembenuza uku ndi uku, n'kuibwezera pamalo pake, kenako, "Kaya, kayeseni." Sikuti anali aulesi kapena amwano ayi. Kungoti bodza linkawavuta pakamwa, ndipo zinthu zambiri za pansi pano ankaona kuti sizidziwika bwinobwino.

Ali mnyamata ankalakalaka kuyendetsa mathiraki, koma maso anawagwiritsa mwala. Anagulitsako nsapato m'sitolo ya munthu wina, kenako anagwira ntchito pamalo osindikizira makadi a ukwati, ndipo kumeneko n'kumene anaphunzira kutayipa ndi zala zonse osayang'ana pansi. Malo aja atatsekedwa, mlongo wawo anawalankhulira kwa mwamuna wake, ndipo anapatsidwa makiyi a chipinda cha masipeya. Chinali chipinda chachitali, chopanda zenera, chonunkha oyilo ndi labala. Kumanzere kunali mashelefu a makompuresa, mafani ndi timabokosi ta tizitsulo. Kumanja kunali mapaipi a kopa opindidwa ngati nkhata, ndi masilinda a gasi oimikidwa pakona. Kunja kwa chitseko, m'kanjira kopita kuchimbudzi, munali mzere wa mafiriji akale amene eni ake anawasiya osabweranso, ndipo amakaniko ankasungamo majombo ndi maovolosi. A Kaya anakwatira akugwira ntchito m'chipinda cha masipeyamo, ana awo anabadwa n'kukula iwo ali mommo, mpaka imvi zinawapeza atatsamira shelefu yomweyo.

Kompyuta inafika mochedwa pakampanipo. Anaibweretsa mayi wina wachitsikana amene amakaniko anamutcha Namakompyuta. Iyeyu anauza bwana kuti asavutike ndi mapulogalamu ogula, chifukwa ilipo ina yaulere, yopanda mwini mmodzi, imene anthu a m'maiko osiyanasiyana amailemba mothandizana, ndipo aliyense wodziwa atha kuitsegula mkati n'kusinthamo zomwe akufuna. Bwana atangomva mawu oti yaulere, zinazo sanamverenso. Namakompyuta anakonza zonse: makasitomala, maulendo a amakaniko, masipeya, masiku atchuthi. A Kaya gawo lawo linali lophweka. Sipeya ikatuluka ankatayipa, ina ikalowa ankatayipa, basi. Zala zinkakumbukira zakale, ndipo mtima unali m'malo.

Kenako Namakompyuta anapeza ntchito yabwino kumzinda wina wakutali. Tsiku lake lomaliza, chikwama chili kale paphewa, analowa m'chipinda cha masipeya n'kukoka mpando.

"Madala, bwana akuti mapulagini ndikusiyireni inu."

A Kaya anatembenukira kukhoma kumene kunali mawaya. "Mapulagi ndi nkhani ya magetsi, amayi. Ameneyo ndi Gasi, osati ine."

Gasi anali makaniko wamkulu, munthu wa mawu ngati wailesi. Namakompyuta anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Si a kukhoma ayi. Taonani apa." Anatsegula tsamba lodzaza timabokosi tamitundumitundu, kalikonse ndi kachithunzi kake. "Pulogalamuyi ili ngati firiji yopanda kanthu mkati. Mashelefu, nyali, kabati ya masamba, zonsezo mumachita kuikamo mukazifuna. Tizigawo towonjezera timeneti ndiye mapulagini. Mukafuna kena, mudina apa, kalowa. Mukatopa nako, mudina apa, kachoka. Koma samalani, tina timadalira tinzake."

"Timadalira bwanji?"

"Muziwerenga zimene ikukuuzani musanadine."

"Nanga bwanji asankha ineyo?"

"Akuti mumatayipa osayang'ana."

Foni yake inalira, galimoto inali itafika pageti. Anawalembera mawu achinsinsi olowera padzanja ndi bolopeni, n'kuwagwira chanza cha dzanja linalo, n'kumapita. A Kaya anatsala kakasi, dzanja lili m'mwamba kuopa kufufuta.

Kwa kanthawi ndithu sanakhudze kanthu. Ankatsegula tsambalo m'mawa, n'kuyang'ana timabokosi tija ngati munthu woyang'ana agalu a eni ake, n'kutsekanso. Koma tsiku lina bwana analowa atakwinya nkhope.

"Alamu, kompyutayi ikuyenda ngati nkhono. Akuti imalemedwa ndi zinthu zosafunika. Tachotsanimoni zina."

"Ziti, alamu?"

"Mukufunsa ine? Katswiri ndinu."

A Kaya anayenda ndi chala pagalasi la kompyuta, kabokosi ndi kabokosi, mpaka anapeza kena kokhala ndi chithunzi cha kalendala. Anakweza maso. Pakhoma panali kalendala yaikulu ya kampani yogulitsa mapaipi, ya manambala ooneka ngakhale uli pakhomo. Makalendala awiri a chiyani m'chipinda chimodzi? Anadina pochotsera. Panatuluka chenjezo lalitali la Chingerezi chopiringizika, ndipo iwo anawerenga mzere woyamba ndi womaliza monga amachitira ndi mapepala a m'mabokosi a mankhwala. Womalizawo unkafunsa ngati atsimikiza. Sanatsimikize, koma batani lokana linali lotuwa, lovomera linali lowala bwino. Anadina lowalalo.

M'mawa mwake Gasi anabwera foni ili m'manja.

"Akulu, lero tilibe ntchito? Mawa tilibe? Mwezi wonse tili patchuthi?"

Maulendo onse a amakaniko anali atasowa. Kunapezeka kuti pulagini ya maulendo inkatsamira pa ya kalendala ija, ndipo ya kalendalayo pochoka inanyamula mnzake. A Kaya anaibwezera ya maulendo ija. Inabwera inde, koma ili mbee, yopanda dzina la munthu ngakhale mmodzi. Sabata imeneyo kampani inayenda chobwerera. Amakaniko ankakhala pabenchi kudikira kuti kasitomala wokwiya aimbe, ndipo akamaliza kutukwanidwa ankafunsa mwaulemu kuti, "Pepani, tikumbutseni, mumakhala kuti?" Wogulitsa nyama wina anabwera yekha ndi thumba lonunkha n'kulisiya patebulo la bwana.

A Kaya ankayembekezera kulandidwa udindowo, ndipo kunena zoona ankaupempherera kuti uchoke. Koma bwana anangoti, "Mwaphunzirapo tsopano. Wina akabwera adzayambiranso kulakwa koyamba." Kompyuta inapitiriza kuyenda ngati nkhono.

Kunyumba anayesa kufotokozera akazi awo, amene ankasoka makatani pakhonde lakuseri.

"Mwachitsanzo amayi, kameneka n'kamwana ka aka. Koma akanso kali ndi malume ake, ndipo malumewo sakhala popanda kena kamene sindinakaonepo n'komwe."

"Ndiye mukathamangitsa mmodzi, mtundu wonse ulongedza?"

"Eya. Ndipo ukaitana mmodzi, amabwera ndi abale ake."

"Si zachilendo zimenezo," anatero mayiwo akudula ulusi ndi mano. "Ine ndinaitana inu nokha, koma taonani amene akhala akugona pabalaza pathu zaka zonsezi."

Za kubwera ndi abalezo anaziona bwino patapita miyezi. Bwana anamva kuti kampani ina yopikisana nayo imatumizira makasitomala uthenga pafoni firiji ikakonzedwa, ndipo naye anafuna zomwezo. A Kaya anapeza pulagini yake. Ataidina, inati ikufuna ina. Inayo inafunanso ina. Pofika masana pakompyuta panali masamba atsopano amene palibe anawapempha: la kulemba antchito atsopano, la kuitanitsa chakudya chamasana, ndi lina lofunsa aliyense wolowa kuti lero akumva bwanji mumtima, pomupatsa tinkhope tosankha. Gasi ankasankha kankhope kolira tsiku lililonse.

Pulagini ya mauthenga ija inali ndi malo oyesera. A Kaya anatayipa kuti, "Firiji yanu yakonzedwa, bwerani mudzatenge," n'kudina, poganiza kuti uthengawo ufika pafoni yawo yokha. Unafikadi. Unafikanso kwa munthu aliyense amene dzina lake linalowapo m'kompyutamo, ngakhale a m'mabuku akale amene Namakompyuta anawakopera.

Tsiku lotsatira pageti panali ngati pachipatala. Ena anabwera ndi magalimoto obwereka, ena kudzafunsa kuti firiji yake iti popeza yawo ili kunyumba ikugwira ntchito bwinobwino, ndipo mkulu wina anaumirira kuti ngati kompyuta yanena kuti ali ndi firiji ndiye kuti ali nayo, amupatse. A Kaya anaima pakhomo n'kumapepesa mpaka kukhosi kuuma.

Gulu litachepa, panatsala mayi wina wachikulire wa ambulera, atagwira kafoni kakale komangidwa ndi labala.

"Foniyi inali ya malemu amuna anga," anatero motsitsa mawu. "Ndimangoitchaja, sindidziwa chifukwa chake. Dzulo yalira."

A Kaya anayamba kupepesa, koma mayiwo anawadula.

"Anatuluka nayo firiji yathu kuti akakonzetse. Sabata yomweyo anadwala, osadzukanso. Sanandiuze kumene anaisiya. Ndinayenda m'malo angapo, kenako ndinatopa."

A Kaya anawatsogolera m'kanjira kopita kuchimbudzi. Mayiwo anayenda pang'onopang'ono, akuyang'ana firiji iliyonse, mpaka anaima pa ina yachikasu yopindika pakona. Anaika dzanja popindikapo.

"Apa inagunda chitseko tikusamuka. Tinakangana tsiku lonse kuti wolakwa ndani."

Atatsegula, munali majombo a Gasi. Firijiyo inali isanakonzedwe n'komwe. Bwana, amene anali atabwera kudzakalipa, anaona mayiwo akupukuta fumbi ndi nsonga ya nsalu yawo, ndipo mkwiyo unamuthera m'kamwa. Analamula Gasi kuti aikonze tsiku lomwelo, ndipo madzulo anaikweza pagalimoto ya kampani kukaitula kwa mayiwo.

Pobwerera kunyumba a Kaya mutu sunkagwira. Anali atalakwitsa, izo zinali zoonekeratu, popeza bwana anawauza mawu ena osayenera kuuza mlamu. Koma mayi uja anawagwira manja onse awiri powathokoza. Ndiye alape kapena asalape? Anapitirira pokwerera basi osazindikira, n'kuyenda wapansi mpaka kwawo.

Chachikulu chinadza ndi kapulagini kakang'ono kamene a Kaya sankakadziwa n'komwe. Ntchito yake inali kusunga mtundu wa gasi amene wathiridwa m'firiji iliyonse, kuti makaniko wobwera pambuyo asasakanize. Amakaniko ankakadalira kwambiri. Tsiku lina pulogalamu yonse inapempha kuti ikonzedwenso kukhala yatsopano, ndipo inapempha m'mawa uliwonse mpaka a Kaya anatopa n'kuvomera. Zonse zinadzuka bwino kupatula kameneko. Kabokosi kake kanafiira, n'kulemba kuti sikagwirizana ndi pulogalamu yatsopanoyo.

"Bwezerani yakale," anatero Gasi.

"Sibwerera."

"Ndiye chotsani kofiirako muikenso."

"Ndikachotsa kapita ndi zonse zimene munalembamo. Mwaiwala za kalendala?"

Gasi anakanda m'mutu n'kutuluka akung'ung'udza.

Pansi pa kabokosiko panali mawu olozera ku bwalo la pa intaneti kumene ogwiritsa ntchito pulogalamuyi amafunsana nzeru. Safunsa anadya phula. A Kaya analembetsa, ndipo pamene anafunsidwa dzina analemba lomwe analizolowera. Kenako anatayipa kalata yaulemu, yoyamba ndi moni ndi kufunsa za moyo wa onse, n'kufotokoza vuto lawo. Kunali zii kwa masiku angapo. Kenako anayankha munthu amene analemba kapulaginiko. Analibe dzina lomveka, koma pachithunzi chake panali bakha, ndiye a Kaya anangomutcha a Bakha.

A Bakha analemba kuti anali makaniko wa mafiriji kudziko lina lozizira, ndipo kapulaginiko anakalemba kalekale kuti kawathandize pantchito yawo. Tsopano anapuma, manja amanjenjemera, ndipo sangathenso kukakonza. Anawonjezera kuti zikuoneka kuti a Kaya ndi okhawo amene akukagwiritsabe ntchito, choncho ngati sakukana, awaika kukhala wokasamalira.

A Kaya anawerenga kawiri. Anamva kuti munthuyo ndi wokalamba, akudwala, ndipo akuwanenera zabwino. Munthu wotere umamuyankha chiyani? Analemba kuti, "Zikomo kwambiri, bambo. Mulungu akupatseni mphamvu."

Sabata isanathe foni yawo inayamba kunjenjemera m'thumba ngati ili ndi malungo. A Bakha analakwitsa: anthu ogwiritsa ntchito kapulaginiko analipo ambiri, kungoti onse ankadikira wina kuti ayambe kudandaula. Tsopano pamwamba pa tsamba lake panali dzina la a Kaya, ndipo aliyense ankalembera iwo. Wina ankafunsa tsiku limene akonze. Wina ankafuna kuti awonjezere mtundu wa gasi umene a Kaya anali asanaumvepo. Wina analemba m'chilankhulo cha zilembo zokhotakhota, ndipo chomveka chinali zizindikiro zofuula zokha kumapeto. Wina anangoti, "Kodi ntchitoyi inafa?"

Analembera a Bakha kuti pachitika kusamvana. A Bakha sanayankhenso. Anaimbira Namakompyuta, amene anayankha khanda likulira kumbuyo.

"Madala, mwati akuikani chiyani?"

"Wosamalira."

Kunamveka kuseka kwakuti mpaka khanda linasiya kulira. "Ndiye kuti dziko lonse likudikira inu! Ine zaka zonsezi sindinafikepo pamenepo."

"Nanga ndituluka bwanji?"

"Mupeze wina woti mumusiyire."

"Inuyo."

"Ine? Mukumumva mwanayu wayambiranso? Pepani madala, mkaka ukutayika pamoto."

Bwana atamva, m'malo mowamvera chisoni anayamba kuuza makasitomala kuti mlamu wake amayang'anira makompyuta a maiko akunja. Mlongo wawo anaimba foni kufunsa chifukwa chimene ankabisira abale nkhani yabwino ngati imeneyi. Akazi awo okha ndi amene anafunsa funso lolunjika.

"Abambo, ntchito imeneyi mukuidziwa?"

"Ayi."

"Eni akewo akudziwa kuti simukuidziwa?"

"Ayi."

"Ndiye mukudikira kuti amve kwa ndani?"

Asanalimbe mtima kuwauza, anthu awiri anatumiza zokonza zawo, aliyense yake, n'kupempha wosamalira kuti avomereze. Woyamba anali mkulu wina wolemba ziganizo zifupizifupi ngati akulamula asilikali. Wachiwiri anali mayi wina amene anati ali ndi kampani ya zipinda zoziziritsira maluwa. A Kaya anatsegula zonse ziwiri. Munali mizere yofiira ndi yobiriwira, mawu odukaduka, timikwingwirima ndi timadontho. Anayang'ana kuchokera pamwamba, anayang'ana kuchokera pansi, anavula magalasi, anavalanso. Awiri aja anayamba kukangana pabwalopo, wina akuti njira ya mnzake iwononga zosungidwa, winayo akuti ya mnzakeyo ndi yachikale, ndipo aliyense ankamaliza ndi mawu oti wosamalira agamule.

Tsiku lina nthawi ya nkhomaliro, amakaniko atatuluka, a Kaya anakhala pansi n'kutayipa osayang'ana. Analemba kuti iwo ndi wosunga masipeya, kuti chiyambire sanalembepo pulogalamu, kuti udindowu anaulandira poyesa kuti akuyankha moni, ndipo kuti pa zokonza ziwirizo sakuona kusiyana kulikonse kupatula kuti ina ndi yaitali. Anapepesa kwa onse. Atatumiza anapita kukaima panja.

Mkulu wa ziganizo zifupi uja anayankha ndi mawu amodzi okha osayenera kubwereza, n'kuchoka kukayambitsa kapulagini kakekake. Ena angapo anamutsatira. Koma mayi wa maluwa analemba kuti waseka mpaka antchito ake abwera kudzaona. Anaulula kuti nayenso sadziwa kanthu, zokonzazo anamulembera msuweni wake, ndipo pokangana paja ankangokopera zimene msuweniyo ankamuuza pafoni. Kenako panatulukira munthu wina amene anali chete nthawi yonseyi, wopanda chithunzi, dzina lake manambala okhaokha. Iyeyu anatenga zokonza za mayiyo, n'kusintha mizere ingapo, n'kulemba kuti, "Dinani batani lobiriwira lovomerezera."

A Kaya anafunsa ngati iyeyo sangatenge udindowo. Wamanambala anayankha kuti ayi, alibe nthawi. Anafunsa mayi wa maluwa. Anati ayi, mmodzi wosadziwa akwanira. Ndiye a Kaya anapukuta dzanja pathalauza n'kudina.

Kabokosi kaja kanasiya kufiira. Gasi anatsegula foni yake, n'kupeza magasi ake onse ali m'malo, ndipo tsiku limenelo anasankha kankhope kosekerera. Koma madzulo omwewo tsamba la masiku atchuthi linayamba kuonetsa kuti mlonda wa pageti ali patchuthi cha uchembere. Palibe anapeza kugwirizana kwake, ngakhale wamanambala uja. Mlondayo anapempha kuti asakonze.

Kuyambira pamenepo a Kaya anakhala wosamalira wa mtundu wawowawo. Munthu akalemba funso, ankamulonjera, n'kumuuza kuti iwo sadziwa, n'kufunsa ngati alipo wina pabwalopo amene akudziwa. Nthawi zambiri ankapezeka. Anthu akayamba kutukwanana ankalowererapo ngati ankhoswe, kupempha kuti aliyense anene vuto lake mmodzimmodzi. Zokonza zikabwera ankadikira kuti anthu awiri osadziwana anene kuti zili bwino, kenako ankadina lobiriwira, mtima uli m'mwamba ngati poyamba pomwe. Nthawi zina zinkayenda. Nthawi ina anadina ndipo magasi onse a kampani ina kutsidya la nyanja anasanduka mtundu umodzi, mwini wake n'kulemba kalata yaitali imene a Kaya anaiwerenga ataimirira. Anapepesa, wamanambala anakonza, moyo unapitirira. Mayi wa maluwa ankawatumizira zithunzi za adzukulu ake, iwo n'kumubwezera za makatani a akazi awo.

Za mapulagini a pakampani pawo sanafike pozimvetsa. Anangophunzira kuwaopa mwaulemu. Tsamba la chakudya chamasana linakhalabe pomwepo zaka zonse, popanda woitanitsapo kanthu, chifukwa atayesa kulichotsa linachenjeza kuti lipita ndi mauthenga a pafoni. Chakudya ndi mauthenga zikugwirizana pati? Anafunsa pabwalo, ndipo munthu wina anawafotokozera bwinobwino m'ndime zitatu. Anamuthokoza kwambiri, osamva ngakhale chimodzi.

Patapita zaka, m'mawa wina analandira uthenga wochokera kwa akuluakulu oyang'anira pulogalamu yonse. Unali waulemu. Unati popeza kapulagini ka gasi kakugwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri, aganiza zokalowetsa m'kati mwa pulogalamu yeniyeniyo, kuti kasakhalenso kochita kuwonjezera. Adzakasamalira okha. Tsamba lakale litsekedwa, ndipo dzina la a Kaya lilembedwa pamodzi ndi la a Bakha pa mndandanda wa othokozedwa.

Madzulo anawerengera akazi awo uthengawo, akumasulira mzere ndi mzere. Mayiwo anaimitsa makina.

"Ndiye akuchotsani ntchito kapena akukwezani?"

A Kaya anawerenganso mwakachetechete, milomo ikugwedera. "Akuti zikomo."

"Pochotsa munthu amanenanso zikomo."

"Komatu akuti kapulaginiko kakula, kalowa m'nyumba yaikulu."

"Inu mwalowa nawo?"

"Ayi."

"Basitu, akuchotsani. Bwerani mundigwirire nsaluyi, mbali iyo."

Anagwira nsaluyo, akazi awo n'kumayeza ndi tepi. Ankayembekezera kuti amva kupepukidwa, popeza katunduyu ankafuna kumutula kuyambira tsiku loyamba. M'malo mwake m'chifuwa munali ngati chipinda chimene asamutsamo mipando.

Foni inasiya kunjenjemera. Masiku oyambirira ankaitulutsa m'thumba kawirikawiri kuona ngati yazima. Pabwalo paja tsamba lawo linali lotuwa, losalola kulembapo. Mayi wa maluwa anawapeza panjira ina n'kuwalembera kuti nayenso sakumvetsa chimene chachitika, koma msuweni wake akuti ndi ulemu waukulu. Wamanambala sanamvekenso, ndipo a Kaya anazindikira kuti sanadziwe n'komwe ngati anali mwamuna kapena mkazi.

Bwana anadandaula pang'ono kuti tsopano aziuza chiyani makasitomala, kenako anaiwala. A Kaya anagwirabe ntchito m'chipinda cha masipeya mpaka msana unayamba kukana kunyamula makompuresa. Anapuma chaka chomwe bwana anasiyira kampaniyo mwana wake wamkazi. Masiku ano amakhala pakhonde lakuseri kuthandiza akazi awo kulowetsa ngowe m'makatani, ntchito imene amati ndi yabwino chifukwa ngowe iliyonse ili ndi bowo lake looneka ndi maso. Gasi amadutsa Loweruka lina ndi lina, atakwera njinga yamoto yaphokoso, kudzamwa tiyi ndi kudandaula za mawondo.